Bulangeti la Amake Leonor

Anthu a ku Zóbuè ali ndi mankhwala amodzi a nthenda iliyonse, ndiwo kufunda. Mwana akatsokomola amamufunditsa. Nkhalamba ikadandaula msana amaifunditsa. Ngakhale munthu wongopunthwa chala pa chitsa angathe kumusonkhera moto n'kumuunjikira magombeza mpaka kutsala mphuno yokha. Musawaseke ayi. Kumapiri kuja mphepo ya mu Juni imalowa mpaka m'mafupa, ndipo ambiri a iwo anaikapo m'manda munthu amene chipolopolo chinamuphonya koma chisanu chinamupeza.

Otília anali mmodzi mwa anthu otere. Nkhondo itafika pamudzi pawo, iye ndi mwamuna wake Silvino anathawa kudzera m'mapiri kulowera ku Malawi, mwana wawo Leonor ali kumsana m'kansalu kamodzi. Anagona kuthengo osasonkha moto poopa kuonedwa. Pofika ku kampu ya othawa nkhondo ku Mwanza mwana anali atagwidwa ndi chibayo, ndipo anamwalira tsiku limene akuluakulu a pakampu ankagawa mabulangeti. Otília analandira lake akuchokera kumanda. Linali lotuwa, laubweya woyabwa, lokhuthala ndithu moti likanabwera msanga likanathandiza. Sanaberekenso mwana wina, koma dzina loti amake Leonor linamukakamira, ndipo Silvino sankamuitana ndi dzina lina.

Mtendere utabwera anabwerera, koma kwawo kwa Otília anapeza mabwinja, nsenjere zitamera mpaka pamene panali nkhokwe ya mayi ake. Abale ake ena anafa, ena sanamvekenso. Choncho anakakhala kwa abale a mwamuna, kumtunda kwa Zóbuè. Mkazi wa chitengwa, wopanda mwana, wopanda mlongo womuyankhulira, amayenda pamudzi ngati akuponda mazira. Anthu ankamupatsa moni chifukwa cha Silvino, ankamuitanira ku ntchito za kumpingo chifukwa cha Silvino, ndipo iye ankadziwa zimenezi. Awiriwa ankalima mbatata ya kachewere ndi kabichi m'dimba, ndipo madzulo ankafunda bulangeti lotuwa lija.

Tsoka linawapeza m'nyengo yadzuwa, mvula isanagwe. Anakwera pamwamba pa lole ndi matumba awo a mbatata kupita ku msika wa Moatize. Anali atanyamuka m'mamawa kukuzizira, Otília atadzikulunga m'bulangeti. Msewu unali udakali ndi maenje amene nkhondo inasiya. Atadutsa mphambano ya ku Kambulatsitsi thumba limodzi linayamba kutsetsereka, Silvino n'kuimirira kuti akunge chingwe, ndipo nthawi yomweyo woyendetsa anazemba dzenje. Silvino anagwa chagada, nkhongo n'kumenya phula. Sanalire n'komwe. Otília atatsika anamupeza ali gone, magazi akutuluka m'khutu, akupuma mokoka ngati munthu wa mkonono. Chinthu choyamba chimene anachita, asanakuwe, chinali kumufunditsa.

Chinthu choyamba chimene anachita a kuchipatala ku Moatize chinali kumufundukula. Namwino wina wamfupi, wa manja achangu, anakoka bulangeti n'kuliponya pansi, kenako anang'amba malaya a Silvino ndi lumo. Otília analitola, n'kulikutumula, n'kuima nalo pakona. Onse ankayankhula Chipwitikizi ndi Chinyungwe, ndipo palibe anamuyang'ana.

Dzuwa litapendeka, namwino uja anabwera ndi dotolo, munthu wamng'ono msinkhu wochokera ku Beira. Namwinoyo dzina lake linali Piedade, ndipo mayi ake anali a ku Angónia, choncho ankadziwa Chinyanja. Dotolo ankanena, iye n'kumamasulira.

"Mayi, mverani. Ubongo wa bambowa watupa, ndipo chigaza si thumba loti n'kufutukuka. Thupi likatentha ubongo umatupiratupira. Tikati tiwatumize kwina, maenje a mumsewu awatsiriza, komanso kumeneko kulibe wong'amba mutu. Chimene tingathe kuno n'kuwaziziritsa."

"Kuwaziziritsa bwanji?"

"Ndi nsalu zonyowa, ndi mphepo, ndi jelo mukamupeza. Madzi oundana aja. Agone osafunda, osavala. Mankhwala tiwapatsa ife, koma manja tilibe okwanira. Ntchito ya nsaluyi ndi yanu."

Otília anayang'ana dotolo, n'kuyang'ananso Silvino. "Achira?"

Dotolo anayankhula pang'ono, maso ali pansi. Piedade anati, "Akuti salonjeza. Ena zimawathandiza, ena ayi. Koma kutentha kokha ndiye kungawaphe ndithu."

Amene sanafikepo ku Moatize mvula isanagwe sadziwa dzuwa. Limaswa mtengo kuyambira m'mawa, malata a chipatala amachita kulira, ndipo fumbi lamakala limamatirira pa thukuta. Kuziziritsa munthu kumeneko kuli ngati kutunga madzi ndi dengu. Otília ankaviika chitenje chake cha kapulana m'ndowa, n'kuchiyala pathupi la mwamuna wake, asanatembenuke n'komwe nsalu yauma. Kudenga kunali chokupizira mphepo chamagetsi chimene ankachitcha ventuinya, koma chinkazungulira pamene chafunira. Chikaima, Otília ankakupiza ndi chivundikiro cha katoni mpaka mapewa kuwawa.

Jelo anamupeza kumsika, kwa mayi wina wogulitsa nsomba za pende dzina lake Rebeca. Sankamvana bwino chinenero, koma Otília analoza kuchipatala, n'kudzigwira kumutu, ndipo Rebeca anamva. Anamupatsa mpeni ndi mulu wa nsomba kuti apale mamba. Akamaliza ankamuthira zibenthu za jelo m'beseni n'kuphimba ndi utuchi. Otília ankathamanga nalo pamutu, madzi ozizira onunkha nsomba akutsikira m'khosi, ndipo pofika theka linkakhala litasungunuka. Lotsalalo ankalikulunga m'tinsalu monga anamuonetsera Piedade, n'kuika m'khwapa, m'khosi ndi m'mphechepeche.

Nthawi zonse akamaika, mtima unkamupweteka. Thupi limeneli ankalidziwa likutentha. Silvino anali munthu wofunda ngati mbaula, moti m'miyezi yachisanu Otília ankabisa mapazi ake pakati pa miyendo yake, iye n'kumadandaula mwanthabwala kuti anakwatira chule. Tsopano mapazi a Silvino ndiwo anali zii, zala zitatuwa. Otília anali atagwirapo kale mapazi ozizira chomwecho, aang'ono okwana m'dzanja limodzi, ndipo manja ake sanaiwale.

Choncho tsiku lina masana anachita chimene mkazi aliyense wa ku Zóbuè akanachita. Piedade anali ataitanidwa kwa mayi wina wobereka. Silvino anayamba kunjenjemera, chibwano chikugwedera, khungu lonse litachita tsembwe. Otília anapirira, anayang'ana kuzenera, anapemphera. Kenako anachotsa jelo yense, anachotsa nsalu yonyowa, n'kumufunditsa bulangeti mpaka m'khosi, n'kupinda m'mapazi monga ankachitira kwawo. Kunjenjemera kunaleka. Nkhope ya Silvino inaoneka ngati ya munthu amene wangogona atachokera kudimba. Otília anatsamira khoma, ndipo koyamba chifikireni kuchipatalako tulo tabwino tinamutenga.

Anadzidzimuka ndi phokoso la kama wachitsulo. Silvino anali akugwedezeka ngati wakhunyu, msana utapindika, thovu kukamwa. Piedade analowa akuthamanga, anakoka bulangeti, anabaya jekeseni, n'kukuwira anzake kuti abwere ndi madzi. Zitakhala bata anatulutsa kagalasi koyezera kutentha m'khwapa mwa Silvino, n'kukayang'ana, n'kutembenukira kwa Otília maso ali psuu.

"Mukufuna kuwapha? Ndinakuuzani chiyani ine?"

"Amanjenjemera, dona Piedade."

"Akanjenjemera mundiitane, tili ndi mankhwala ake! Bweretsani kuno chinthucho, ndikachitsekere."

Otília anakumbatira bulangeti pachifuwa. Sanali munthu wokangana, koma apa anakana. "Ili lokha ayi. Linachedwa kamodzi. Mwana wanga anapita lisanafike."

Piedade anatsitsa dzanja. Nayenso anali munthu wa m'nkhondo yomweyo, ndipo sanafunse zambiri. Anapukuta thukuta ndi mkono n'kunena motsitsa mawu, "Chabwino, likhale. Koma mulikhalire, lisakhudze kama ameneyu. Tsiku lake likadzafika ndidzakuuzani ndekha kuti afunditseni."

Kuyambira pamenepo Otília ankalipinda n'kulikhalira pa simenti. Akamapita kumsika ankalimanga m'chiuno ngakhale kunkatentha chomwecho, ndipo amayi a mumsika ankamuseka. Iye ankaopa kuti akalisiya pafupi ndi kama munthu wina wachifundo angamufunditse Silvino.

Uthenga unafika kumudzi kudzera kwa woyendetsa lole, ndipo patapita masiku kunabwera Julião, mkulu wake wa Silvino. Anali mkulu wa mpingo, wamtali, wovala jekete ngakhale ku Moatize. Anatula kathumba ka ufa pakhomo, n'kulowa atavula chipewa. Anapeza mng'ono wake ali chigonere pansi pa nsalu yonyowa, wosavala, mkazi akumupukuta pamphumi ndi madzi, pansi pa kama pali chithaphwi. Anagwira phazi, n'kubweza dzanja msanga.

"Mlamu," anatero, "mwayamba kale kusambitsa maliro? Munthu akupuma?"

"Ndi mankhwala, alamu. Adotolo ati ubongo watupa, ndiye thupi lisatenthe."

"Mankhwala a kuti amenewo? Munaona kuti wodwala akugonekedwa m'madzi ngati chinangwa? Ngakhale mbuzi ikadwala timailowetsa m'khitchini. Mvekeni. Ndapangana ndi galimoto, tikamusamalire kwathu pamoto. Ngati n'kufa akafere m'manja mwa abale ake, atafunda ngati munthu."

Julião sanali munthu woipa, tisamunamizire. Ndiye anabereka Silvino kumsana ali mwana, ndipo misozi imene inali m'maso mwake sinali yachinyengo. Ndiponso mawu onse amene ananena anali omwewo amene mtima wa Otília unkanena tsiku lililonse. Kunali kosavuta kuvomera. Akanakwera galimoto, akanafika kumudzi, amayi akanamuthandiza kusonkha moto, ndipo chilichonse chikanachitika chikanakhala cha onse.

Piedade anamva phokoso n'kubwera. "Bambo, mukawachotsa pano safika ngakhale ku Kambulatsitsi. Koma ife sitimanga munthu. Anene akazi awo."

Onse awiri anamuyang'ana. Otília anakumbukira kama akugwedezeka tsiku lija, ndi thovu lija, ndipo anadziwa kuti dzanja limene linachita zimenezo linali lake, lachikondi lomwe.

"Sachoka pano," anatero.

"Mwati bwanji, mlamu?"

"Ndati sachoka. Ndinawafunditsa kamodzi, anatsala pang'ono kupita."

Julião anavala chipewa ali m'chipinda momwemo. "Mwana wanu uja anapita ndi chisanu. Tsopano mukufuna wathunso apite ndi chisanu? Chabwino. Koma akafera pamadzi pamenepa, mtembo tidzatenga ife. Inu musadzavutike kukwera phiri."

Anatuluka. Kathumba ka ufa anakasiya pakhomo pomwepo, osanena kuti n'ka yani.

Pambuyo pake sikunabwerenso munthu. Chibale ndi fupa sichiola, amatero, koma fupalo linali la Silvino, silinali la Otília. Nthawi yoona odwala ikakwana chipinda chinkadzaza ndi anthu onyamula mabakuli, kama aliyense ndi gulu lake, kuseka ndi kupemphera. Pa kama wa pakona pankakhala mkazi mmodzi ndi ndowa. Amayi odikirira odwala ankaphika pamodzi pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa chipatala, koma iye akafika ndi kapoto kake nkhani inkaduka. Anali atamva kuti ndi uja wosambitsa mwamuna wake ali moyo. Sankamuthamangitsa, ankangosuntha mafuwa awo pang'ono. Otília ankadya atawerama, chakudya osachimva kukoma, ndipo ankasungulumwa kuposa mmene anasungulumwira ku kampu, chifukwa kumene kuja anali ndi womulirira limodzi.

Ndiye ankayankhula ndi Silvino. Ankamuuza kuti kabichi kudimba ayenera kuti wafota, kuti mbuzi za a Julião mwina zathyola mpanda, kuti mitambo yayamba kusonkhana cha kumapiri akwawo. Ankamukalipiranso. "Thumba limodzi lokha, bambo a Leonor. Mukanalisiya ligwe. Kodi mbatata inatha padziko?" Akamaika jelo ankapepesa. "Pirirani, ndine ndemwe. Sikuti ndakutayani." Zala zake zinang'ambika ndi madzi ozizira ndi minga ya nsomba, ndipo Rebeca tsiku lina anazigwira, n'kupukusa mutu, n'kumuthira jelo osamupatsa mpeni.

Kusintha kunabwera mwakachetechete. Dotolo akamutsina Silvino pachala, mkono unayamba kuthawa. Akamuunika m'maso ndi tochi dotoloyo ankagwedeza mutu, ndipo tsiku lina anamwetulira. Analamula kuti jelo achepe, kenako aleke, kenako nsalu yonyowa ichoke, koma pang'onopang'ono, kuti thupi lisabwerere kutentha mwadzidzidzi. Silvino anayamba kubuula, kumeza phala lamadzimadzi, kutsegula maso osaona kanthu n'kutsekanso. Otília ankamva chimwemwe koma ankachibisa, poopa kuti chingamveke kumene sichiyenera kumveka.

Mvula yoyamba inagwa m'mawa wina, yamphamvu, yonunkhiza dothi. Mphepo yozizira inalowa pazenera, ndipo odwala ena anakoka nsalu zawo. Piedade anayeza Silvino, anayang'ana kagalasi kake nthawi yaitali, n'kubwera pamene Otília anakhala.

"Dzukani pa bulangetipo, mayi. Lero ndi tsiku lake. Afunditseni."

Otília anaimirira. Anafunyulula bulangeti, ndipo atatembenuka anapeza Silvino akumuyang'ana. Maso ake anali oona tsopano, odekha, aulemu. Milomo inagwedera kangapo mawu asanatuluke.

"Mayi," anatero, "pepani. Kodi mwawaonako amake Leonor?"

Otília anaseka, akuganiza kuti ndi nthabwala zake zija. "Bambo a Leonor, ndine pano."

Silvino anamuyang'anitsitsa, n'kupukusa mutu pang'ono, mwaulemu, monga munthu amachitira ndi mlendo amene walakwitsa khomo. "Ayi. Akazi anga. Akanakhala pano sakanandisiya pozizira chonchi. Iwo aja salola."

Piedade anamugwira Otília pamkono n'kumunong'oneza. "Zimachitika mutu ukavulala. Nthawi zina zimabwerera."

"Nthawi zina?"

"Nthawi zina."

Otília anaona mdima. Anafuna kumugwedeza Silvino, kumuonetsa zala zong'ambikazo, kumuuza za Julião ndi za phiri limene anamuletsa kukwera. Koma munthuyo ankanjenjemera, ndipo bulangeti linali m'manja. Analiyala kuyambira kumapazi, n'kupinda m'munsi, n'kulikokera mpaka m'khosi.

Silvino anatulutsa dzanja n'kusisita ubweya woyabwawo. Analikokera kumphuno, ananunkhiza, ndipo nkhope yake yonse inamasuka.

"Ili ndi lathu," anatero. "Ili ndi la amake Leonor. Mwalitenga kuti?"

Mvula inkagogoda malata, ndipo Piedade anali atatembenukira kuzenera.

"Anandipatsira," anayankha Otília. "Anati ndikufunditseni."

"Ndimadziwa ine," anatero Silvino, maso akutsekeka. "Abwera?"

"Abwera."

"Ndiye khalani pompo, mayi, musachoke. Tiwadikire limodzi."

Otília anakhala pansi pa simenti, pamene panalibenso choyala, n'kuyang'ana kukhomo pamodzi naye.